KUWEDZA NSOMBA MU BUA NDI M'TIMITSINJE TACE

Sabata ino tiyeni tiimike khasu pakhonde, ticeze za mbedza. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, mtedza utauma, fodya atapita kumsika, mlimi amakhala ndi masiku opuma. Ambiri a ife masiku amenewa timathera pa mowa ndi pa bawo. Bawo si woipa iai, koma alipo masewera ena amene salira ndalama, amapumitsa mtima, ndipo madzulo munthu amabwerera kunyumba atanyamula ndiwo. Masewerawo ndiwo kuwedza nsomba ndi mbedza.

Ife a kuno ku Guilleme ndi m'boma lonse la Mchinji tiri ndi mwai, pakuti mtsinje wa Bua ndi timitsinje tace siziri kutali ndi midzi yathu. Ndikuuzani nsomba zimene mungapeze, kumene mungazipeze ndi m'mene mungazikolere. Koma mau amene ndifuna kuti muwasunge koposa onse ndi awa: nsomba ziri ngati mbeu, ndipo mtsinje ndiwo munda wace. Munda ukaonongeka, mbedza yabwino siithandiza kanthu.

Mtsinje wathu

Bua amayambira m'mapiri a Mchinji, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Zambia. Mapiri amenewa amagawa mvula pawiri: madzi otsikira kumadzulo amanka ku Luangwa, ndipo otsikira kum'mawa amanka ku Nyanja ya Malawi. Kuno kwathu Bua ndi wamng'ono, amayenda pang'onopang'ono pakati pa madambo ndi mabango. Pamene akutsika amalandira madzi a mitsinje ina. Namitete amacokera ku mapiri a Dzalanyama. Rusa amasonkhanitsa madzi a kumpoto kwa boma lathu. Madzi a Ludzi ndi a Liwelezi naonso amatsirizira mu Bua. Atadutsa cigwa ca pakati pa Kasungu ndi Dowa, mtsinjewu umagwera m'mapiri ndi m'mathanthwe a nkhalango ya Nkhotakota, nukathira m'nyanja kumpoto kwa boma la Nkhotakota.

Tsono taonani kuti ife ndife a kumutu kwa mtsinje. Madzi amene mayi amatsukira mbale m'kamtsinje ka kuseri kwa mudzi wanu, ndi omwewo amene adzafika kunyanja. Cimene titaya m'madzi kuno, anzathu a kumunsi ndiwo amacilandira.

Nsomba zimene mungapeze

Yoyamba ndi mlamba. Uyu ndiye mwini madambo. Alibe mamba, ali ndi ndevu zimene amafufuzira cakudya m'matope, ndipo m'mutu mwace muli ciwalo cimene amapumira mpweya wa kunja. Ncifukwa cace mlamba amakhalabe moyo m'thamanda la matope pamene nsomba zina zonse zafa. Amadya ciri conse: acule, tizirombo, tinsomba ndi zoola zomwe. Amakonda kudya madzulo ndi usiku. Mlamba wamkulu akagwira mbedza mudzadziwa, cifukwa amakokera pansi mwamphamvu ngati ng'ombe yokana goli. Pomgwira cenjerani ndi minga ya m'mbali mwa mutu wace, imalasa.

Yaciwiri ndi matemba. Awa ndi ang'onoang'ono, amayenda m'magulu m'madzi osaya, pafupi ndi udzu. Ndiwo nsomba zophunzirira ana, pakuti sacedwa kudya nyambo. Musawanyoze cifukwa ca kucepa. Matemba amadyedwa ndi mafupa omwe, ndipo mafupawo amalimbitsa mafupa ndi mano a mwana.

Yacitatu ndi makumba, abale a cambo ca kunyanja. Makumba ali ndi mwambo wodabwitsa: yaikazi imasunga mazira ace m'kamwa kufikira ataswa, ndipo tiana tikaona coopsa timathawiranso m'kamwa mwa make. Mukakola khumba lotupa kukhosi, liyang'aneni m'kamwa. Mukaona mazira kapena tiana, libwezereni m'madzi, cifukwa mukalipha mwapha nsomba zambiri ndi mbedza imodzi.

M'maiwe ena ndi m'madamu mumapezekanso cilunguni, nsomba ya pamimba pofiirira imene imadya udzu ndi masamba. Iyi imakumba cisa pansi pa madzi osaya, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimalondera ana pamodzi.

Zida ndi nyambo

Musaganize kuti kuwedza kufuna zida za mtengo wapatali zonga zimene amanyamula alendo. Dulani nsungwi yoongoka, yoonda kunsonga, yotalika ngati anthu awiri ataimirizana. Iumitseni pamthunzi kuti isang'ambike. Mangani cingwe ca nailoni cotalika cimodzimodzi ndi nsungwiyo. Kacidutswa ka phesi la cimanga louma kamayandama bwino, ndipo kadzakuuzani pamene nsomba yagwira. Pamwamba pang'ono pa mbedza mangani kamwala kapena kacitsulo kuti nyambo imire.

Mbedza gulani za misinkhu iwiri kapena itatu. Anthu ambiri amalephera cifukwa amaika mbedza yaikulu pofuna nsomba ya kamwa laling'ono. Matemba ndi makumba afuna mbedza yaing'ono. Mlamba afuna yaikulu ndi cingwe colimba.

Nyambo yoposa zonse ndi nyongolotsi. M'cirimwe muzifune pa malo a cinyontho: pansi pa nthoci, m'mbali mwa khola, kapena pa dzenje la manyowa. Apa mlimi wosunga manyowa apindula kawiri. Zisungeni m'citini ca dothi lonyowa, pamthunzi. Ziwala, ciswe ndi ngumbi nazonso nzabwino. Makumba ndi cilunguni amadya nsima youmba molimba. Mlamba amabwera msanga pa matumbo a nkhuku, cifukwa amatsata fungo. Mukafuna kuti nsomba zizolowere malo amodzi, wazanipo gaga wodzaza dzanja limodzi madzulo, masiku awiri kapena atatu, ndipo mubwere tsiku lacinai ndi mbedza.

Malo ndi nthawi

Nsomba ziri ngati anthu: zimafuna mthunzi, cakudya ndi pobisala. Funani dziwe lakuya pamene mtsinje wakhota, pansi pa mkuyu kapena mtengo wina woweramira m'madzi, m'mbali mwa mabango, ndi kumunsi kwa mlatho kumene madzi akumba. Malo ena abwino ndi pamatsiriro, pamene kamtsinje kakumana ndi mtsinje waukulu, cifukwa kamtsinjeko kamabweretsa cakudya ndipo nsomba zimadikira pomwepo.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi madzulo likupendeka. Kuyambira April kufikira May madzi amayamba kuyera ndi kutsika, ndipo nsomba zimakhala zonenepa ndi cakudya ca m'dzinja. M'miyezi ya June ndi July madzi amazizira, nsomba zimacita ulesi, ndipo ndi bwino kupita masana kutafunda. Kuyambira September kufikira November nsomba zimasonkhana m'maiwe otsala ndipo zimadya kwambiri. Koma mvula yoyamba ikagwa, mitsinje nidzaza, milamba ndi matemba zimakwera m'udzu wa m'madambo kukaswa. Imeneyo ndi nthawi yobzala ya nsomba. Inunso pamenepo muli ndi nchito kumunda. Pacikani mbedza kudenga, muzisiye ziswane.

Mukafika padziwe yendani mwakacetecete, musaponye cithunzithunzi canu pamadzi, ndipo khalani pansi. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ubwino wa kuwedza suli m'nsomba mokha. Munthu amene wakhala cete m'mbali mwa madzi amaona mbalame, amamva mphepo m'mabango, ndipo maganizo a ngongole ndi milandu amayamba apuma. Tengani mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi. Padziwe mwana amafunsa zimene sangafunse pabwalo.

Zoopsa zitatu

Coyamba ndi likodzo. Matendawa amacokera ku tizirombo timene timakulira m'nkhono za m'madzi odikha. Tizirombo timeneti timaboola khungu la munthu amene waima kapena kusamba m'madzimo. Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira a tizirombo amaswa, tiana tace timalowanso m'nkhono, ndipo matenda amazungulira mudzi wonse. Wowedza ndi mbedza ali ndi mwai, pakuti angathe kukhala pamtunda osanyowa phazi. Musakodze kapena kucita cimbudzi m'mtsinje. Mukaona magazi m'mkodzo wanu kapena wa mwana, pitani ku cipatala. Mankhwala ace alipo, dzina lace praziquantel, ndipo amaciza.

Caciwiri ndi ng'ona. Mu Bua muli ng'ona, makamaka m'maiwe akuya a kumunsi. Mukapita kuwedza ku dera lacilendo, yambani mwafunsa eni mudzi. Musakhale m'mphepete mweni-mweni mwa dziwe lakuya, musatumbulire nsomba pamalo pomwe mukuwedza, ndipo mbedza ikakodwa pansi dulani cingwe, musalowemo. Mbedza ndi ya ndalama zocepa, mwendo ulibe sitolo.

Cacitatu ndi madzi osefukira. Mvula ingagwe kumapiri pamene kwanu kuli dzuwa, ndipo kamtsinje kamadzaza mwadzidzidzi. Ana ang'ono asapite okha kumtsinje.

Mpasa wa kumunsi

Tsopano titsike ndi mtsinje kufikira ku nkhalango ya Nkhotakota, pakuti kumeneko kuli nsomba imene yachukitsa dzina la Bua kwa owedza a maiko akutali. Dzina lace ndi mpasa. Nsomba imeneyi imapezeka m'Nyanja ya Malawi ndi mitsinje yace basi, kulibenso kwina pa dziko lonse lapansi. Yaikulu imafika makilogalamu 3 kapena 4, ndi yonyezimira ngati siliva, ndipo ikagwira mbedza imathamanga ndi kudumpha. Imakulira m'nyanja, kumene imadya tinsomba, koma pofuna kuswa imakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe, makamaka mvula itatha.

Mpasa suswera paliponse. Umafuna madzi oyera, othamanga, ndi pansi pa timiyala ta nsangalabwi. Umaikira mazira pakati pa timiyalato, ndipo madzi odutsa m'mipata ndiwo amapatsa mazirawo mpweya. Matope akadzaza mipatayo, mazira amafa asanaswe. Lero mpasa uli m'gulu la nsomba zimene akatswiri akuopa kuti zingathe. Mu Bua watsalamo cifukwa mtsinjewu umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene kuyambira mu 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Boma. Amene afuna kukawedza m'nkhalangomo ayenera kuyamba wapempha cilolezo kwa oyang'anira, ndi kutsata malamulo ao. Owedza ambiri a masewera akakola mpasa amauona, nauyesa, naubwezera m'madzi uli moyo.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga ife a ku Mchinji za mpasa zitikhudza bwanji, popeza sitiuona kuno?" Yankho lace nali. Mlonda wa nkhalango angathe kuletsa munthu wa ukonde pacipata, koma sangathe kuletsa matope. Matope amene amakwirira mazira a mpasa ndi dothi la minda ya kumtunda, ndipo ina mwa mindayo ndi yathu.

Tisaganize kuti nsomba sizingathe. M'zaka za m'ma 1950 nchila inali imodzi mwa nsomba zocuruka koposa zimene asodzi ankagwira m'nyanja yathu. Nayonso inkakwera mitsinje kukaswa. Anthu adaichinga panjira ndi maukonde ndi mabiyo, mitsinje idadzaza matope, ndipo lero mwana wobadwira kunyanja angathe kukula osailawa.

Zimene zimatha nsomba

Coyamba ndi katupe ndi mankhwala ena othira m'madzi. Katupe sasankha. Amapha mlamba wamkulu, tiana, acule, nkhanu ndi tizirombo timene nsomba zimadya. Mudzi umadya nsomba masiku awiri, dziwe nkukhala manda caka cathunthu. Lamulo la za nsomba likuletsa kupha nsomba ndi mankhwala kapena zophulitsa, ndipo wopezeka akutero amaimbidwa mlandu.

Caciwiri ndi neti ya udzudzu. Netiyo idaperekedwa kuti ana asafe ndi malungo. Mukaitengera kumtsinje mwaononga kawiri: mwana agona pambalambanda, ndipo netiyo ikokolola ngakhale tinsomba tongoswa kumene. Kodi alipo mlimi amene amakazinga mbeu yace yonse mu October?

Cacitatu ndi biyo lotseka mtsinje wonse. Mono si woipa, makolo athu adadya nao. Koma mukamanga biyo kucokera tsidya lino kufikira tsidya lina pa nthawi imene nsomba zikukwera, palibe imene idzafike kokaswa. Siyani mpata pakati.

Cacinai ndi mankhwala a m'munda. Anzanga a madimba ndi a fodya, mverani. Mankhwala ophera mbozi ndi nsabwe za mbeu amaphanso nsomba. Musatsukire mpope wopopera m'mtsinje kapena padambo. Tungani madzi m'ndowa, mukatsukire kumtunda, kutali ndi citsime, ndipo mabotolo otha musawataye m'madzi.

Cacisanu, cimene ciri cacikulu koposa, ndi kulima kufikira m'mphepete mwa madzi ndi kudula mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Mizu ya mitengo ndi bango ndiyo imagwira gombe. Mthunzi umaziziritsa madzi. Masamba ndi tizirombo togwa m'mitengo ndizo cakudya ca nsomba. Mukadula mitengoyo kuti mumangire cigafa kapena kuochera njerwa, gombe limagumuka, mcenga umadzaza dziwe, ndipo dziwe limene kale linkamiza munthu wamtali limaphwa mu September. Funsani agogo a m'mudzi mwanu kuti akuonetseni maiwe amene ankasambamo ali ana, ndipo muwerenge amene atsala.

Akulu ena akukumbukabe malamulo a malimidwe a m'zaka za m'ma 1950, pamene Boma la atsamunda linkakakamiza anthu kupanga mizere yopingasa ndi migula, ndi kulipitsa kapena kumanga okana. Anthu adadana nazo, ndipo adali ndi cifukwa, pakuti nchito ya cikoti siikoma. Koma mvula siidziwa kuti akulamula ndani. Dothi likukokolokabe, ndipo tsopano mundawo ndi mtsinjewo nzathu.

Zoyenera kucita

1. Siyani mzere wa chire pakati pa dimba lanu ndi madzi. Musaulime, musauoche. Mlangizi wa dera lanu akuthandizani kuyesa kukula kwace molingana ndi mtsinjewo.

2. Pamene gombe liri pambalambanda bzalanipo nsungwi, nsenjere, bango, mikuyu ndi mibawa. Nsenjere mudzadyetsa ng'ombe, ndipo nsungwi zidzakupatsani nkhokwe, madengu ndi ndodo ya mbedza yomwe.

3. Kumunda wa kumtunda pangani mizere yopingasa citunda, ndipo bzalani udzu wa vetiva pa akalozera. Dothi limene latsala m'munda mwanu ndi cimanga canu. Limene lapita kumtsinje ndi imfa ya nsomba.

4. Powedza tengani zokwanira ndiwo za banja lanu. Nsomba yaing'ono ndi ya mazira ibwezereni m'madzi. Igwireni ndi manja onyowa, ndipo cotsani mbedza mosamala.

5. A mfumu ndi anthu ao apangane za dziwe limodzi kapena awiri m'dera lao amene azisungidwa: osathiramo katupe, osaponyamo ukonde, mbedza yokha basi, ndiponso osawedza konse m'miyezi yoswa. Dziwe lotere liri ngati nkhokwe ya mbeu. Madzi akadzaza, nsomba zace zimabalalikira mumtsinje monse. Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi sangathe kulondera dziwe, koma mudzi ungathe.

6. Amene ali ndi malo a madzi osaphwa aganizire zokumba damu la nsomba. Makumba ndi cilunguni zimakula bwino ndi gaga, manyowa ndi masamba a kudimba. Za kakumbidwe, za mbeu ya nsomba ndi za ziphaso za usodzi funsani a ofesi ya za nsomba ku boma. Mwini damu amawedza kuseri kwa nyumba yace tsiku limene wafuna, ndipo mtsinje umapuma.

Anzanga, ku Zomba ndi ku Nyika alendo amalipira ndalama kuti akawedze nsomba za trout zimene Azungu adabwera nazo kucokera kunja. Ife nsomba zathu sitidaitanitse kwina kuli konse, ndipo palibe cipata pakati pa mudzi ndi dambo. Mtengo wace ndi umodzi wokha, ndiwo kusamala. Loweruka likudzali dulani nsungwi, kumbani nyongolotsi, itanani mwana, mupite kudziwe. Pobwerera yendani m'mbali mwa mtsinje, muone pamene gombe lagumuka ndi pamene mitengo yatha, ndipo mukakambirane ndi a mfumu mvula isanagwe.

Sabata yamawa tidzaceza za kasungidwe ka mtedza wa mbeu. Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Malimidwe,
Guilleme, Mchinji.